Thumba Lovunduka la Nasopo

Loweruka m'mawa Nasopo anagwada pambali pa bedi lake, nanyamula thumba la madzi omwe anali atangotuluka m'mimba mwake. Analigoneka pa tsamba la buku lakale la sayansi, monga ankachitira masiku onse, kuti awerenge zilembo kudzera m'madziwo. Zilembo sizinaoneke. Anapukuta pulasitikiyo ndi thaulo, anasendera pafupi ndi zenera, anatsinzina n'kuyang'ananso. Ayi ndithu. Madzi omwe nthawi zonse ankatuluka achikasu pang'ono koma oonekera bwino, lero anali ovunduka ngati otsukira mpunga.

"Si zoona izi," ananong'ona kuseri kwa masiki. M'mimba munkapweteka chapansipansi kuyambira dzulo madzulo, koma iye anali atadziuza kuti ndi mpweya chabe.

Mtsikanayu anali wa zaka khumi ndi zisanu, wa Fomu 2. Impso zake zinasiya kugwira ntchito zaka ziwiri zapitazo, ndipo madokotala anamuika kachubu kofewa pamimba, chapansi pa mchombo. Kanayi pa tsiku ankalumikiza kachubuko ku matumba awiri. Lopanda kanthu linkalandira madzi akale, lodzaza linkathira atsopano. Madziwo ankakhala m'mimba maola angapo n'kumakoka zoipa za m'magazi, ntchito yomwe impso zikanagwira. Mdani wa ntchito yonseyi anali mmodzi: tizilombo. Tikalowa m'mimbamo madzi amavunduka, ndipo munthu akachedwa kulandira mankhwala kachubu kamachotsedwa. Zikatero chotsala ndi makina osefa magazi a kuchipatala, masiku atatu pa sabata, maola anayi tsiku lililonse. Nasopo ankadziwa bwino kuti ndi moyo wotero sukulu ingathere pomwepo.

N'chifukwa chake ankasamba m'manja ngati akulipidwa. Dzina lakuti Nasopo anamupatsa ndi achimwene ake, omwe ankadandaula kuti m'nyumbamo sopo amatha msanga kuposa shuga. Iye sanakwiye nalo dzinalo, analivala ngati mendulo. Zaka ziwiri zathunthu tizilombo sitinamulowepo ngakhale kamodzi, pomwe akuluakulu a ndevu zawo ankagonekedwa kawiri kapena katatu pa chaka. Tinene zoona, matama anali nawo mwanayu. Akaona munthu akusamba m'manja mothamanga ankapukusa mutu ngati mphunzitsi wamkulu. Koma matama akewo anawagwirira ntchito, ndipo palibe akanamulanda.

Tsono tsoka lake, lero ndi tsiku lomwe Sisitala wa kuchipinda cha odwala impso anamupempha kuti akaphunzitse anthu asanu ndi mmodzi omwe anali atangoikidwa machubu. Osati dokotala, osati namwino wina, koma iyeyo.

Anamaliza kuthira madzi atsopano, natseka kachubu ndi chivindikiro chake, mutu uli balala. Ndalakwitsa pati? Kodi ndinakhudza kunsonga? Kodi zenera linali lotsegula? Anafufuza masiku onse a sabatayo osapeza polakwa. Za Lachinayi anazikumbukira, koma sanaziwerengere. Tsiku limenelo madokotala anamuunika m'matumbo ndi kamera yomwe ili kunsonga kwa paipi yaitali, chifukwa magazi ake ankangochepa osadziwika kolowera. Asanayambe anamutulutsa madzi onse m'mimba, n'kumubaya jakisoni woteteza ku tizilombo. Zotsatira sanazione, anali mtulo. Anangomva atadzuka kuti apeza kanyama kakang'ono komwe kankatulutsa magazi ndipo akadula. Zimenezo zinali za madokotala, anthu ovala magolovesi. Kwa Nasopo, madzi ovunduka ankatanthauza chinthu chimodzi basi, chakuti mwini wake wachita uve.

"Iwe, watha?" Anali amayi ake, akugogoda. "Madzi ali bwanji lero?"

Funso limeneli anayamba kulifunsa Lachinayi lomwelo, m'mawa ndi madzulo, mpaka kutopetsa.

"Ali bwinobwino, Amayi."

Bodzalo linatuluka lokha, losalala. Anaganiza zothamangira kuchimbudzi kukataya madziwo, koma kumeneko kunali achimwene, akusamba kwinaku akuimba ndi mawu awo a chule aja. Chitseko cha kuchipinda chinayamba kutseguka. Nasopo anakulunga thumbalo m'thaulo, nalikankhira m'chikwama cha kusukulu, n'kukoka zipi.

Amayi analowa atavala diresi yabuluu yomwe ankaisungira maukwati. Anali telala, ndipo usiku wa Lachisanu sanasoke za makasitomala koma anasita bulauzi ya mwana wawo kawiri konse. Anamuyang'ana kumaso.

"Watuwatu iwe. Ukudwala?"

"Ndi mantha chabe, Amayi. Sindinaphunzitsepo anthu akuluakulu."

"Mantha a chiyani? Iwowo ndiye achite mantha. Tiye, basi itisiya."

Achimwene anatulukira atamanga thaulo m'chiuno. "Apulofesa, mukawauze kuti sopo wa nyumba ino ndimagula ndine. Nanenso anditchule m'mbiri."

Nasopo anayesa kuseka koma kusekako kunakoka m'mimba. Anaberekera chikwama kumsana. Chinali cholemera ndi malita awiri, ndipo chinkagunda msana wake ndi kufunda kwa thupi lake lomwe.

M'basi amayi sanachedwe kupeza wocheza naye. Asanafike pa siteji yachitatu, mayi wina wonyamula dengu la mazira anali atadziwa kale kuti mtsikana wakhala pazenerayo akukaphunzitsa kuchipatala, kuti zaka ziwiri sanadwalepo, ndi kuti ngakhale madokotala amamupatsa ulemu. Nasopo anangoyang'ana kunja. Basi ikagwa m'dzenje ankaluma mlomo. M'mutu mwake anali atakonza kale zochita: aphunzitse, awomberedwe m'manja, abwerere kunyumba, ataye madziwo. Mwina a masana atuluka oyera. Akapanda kutero, adzanena Lolemba, mwakachetechete, popanda anthu. Lamulo la Sisitala ankalidziwa pamtima, lakuti madzi akavunduka bwera tsiku lomwelo ndi thumba lakelo. Koma lamulolo ankaliona ngati la anthu ena, osasamala aja.

Chipinda chophunzitsira chinali chaching'ono, cha matailosi oyera, ndi sinki ya mpopi wotsegula ndi chigongono. Pakhoma panali chitsulo chokolekapo matumba, ndipo patebulo panali epuloni ya pulasitiki yokhala ndi kachubu koyeserera. Odwala atsopano anakhala pa mabenchi awiri ndi abale awo. Onse ankakhala mowongoka, dzanja lili pamimba, ngati anyamula dzira m'malaya.

Sisitala, mayi wamfupi wa mawu akuluakulu, anamugwira paphewa. "Uyu ndi Nasopo. Zomwe ndakhala ndikukuuzani sabata yonse, uyu amazichita kanayi pa tsiku, ndipo sanaphonyepo. Muone manja ake, osati nkhope yanga."

Nasopo anaika chikwama pansi pa tebulo, nachikankha ndi phazi kuti chilowe mkati.

Atangoyamba, mantha ndi ululu zinabwerera m'mbuyo. Ntchitoyi ankaidziwa. Anatseka mazenera, anazimitsa fani, anavala masiki. Anasamba m'manja mwadongosolo, zikhatho, kuseri, pakati pa zala, zala zazikulu, zikhadabo, mpaka m'mikono, akuwerenga mokweza. Anawaonetsa kagwiridwe ka nsonga ya chubu, zala zili patali ngati wagwira singano yotentha. Bambo wina atayesa n'kukanda mphuno pakati pa ntchito, Nasopo anangoti, "Bwererani ku sinki, bambo," ndipo chipinda chonse chinaseka, mwini wake yemwe. Amayi anakhala pakona manja ali pachifuwa, akuyang'ana uku ndi uku kuti aone ngati aliyense akuona bwino.

Kumapeto kwa benchi kunali bambo wamkulu thupi, makaniko wa magalimoto, yemwe sanaseke nawo. Nthawi yonseyi ankangoyang'ana manja ake. Anali manja akuluakulu, ong'ambikang'ambika, ndipo oyilo wa zaka makumi awiri anali atakhazikika m'mizere ndi m'zikhadabo. Itafika nthawi ya mafunso anakweza dzanja limodzi pang'onopang'ono.

"Aphunzitsi," anatero, ndipo sananene moseka. "Manja anu ndawaona. Tsono taonani angawa. Ndasamba ndi sopo, ndi bulashi, ngakhale ndi mchenga. Akazi anga akuti ndisiye ntchito, koma ana adya chiyani? Ine ndikudziwa kuti tsiku lina madzi anga adzavunduka basi."

"Mukasamba bwino, kuda kwa oyilo si tizilombo ayi," anayankha Nasopo.

"Chabwino. Koma akadzavunduka, ndidzawadziwa bwanji? Sisitala atisonyeza chithunzi, koma chithunzicho n'chofufutika, sindinaonepo kanthu. Inuyo munawaonapo?"

Amayi anayankha ali pakona, mwana wawo asanatsegule pakamwa. "Ameneyo? Sanawaonepo n'kamodzi komwe!"

Anthu anang'ung'udza mosirira. Makaniko anagwedeza mutu.

"Ndiye mwaona. Inu simungamvetse. Ine zikadzandichitikira, kubwera kuno ndi thumba m'manja, aliyense adzangoti, makaniko uja, tinkadziwa kale, uve. Ndikuuzeni zoona, ine ndidzayamba ndadikira kaye tsiku limodzi kapena awiri, mwina n'kuyera okha."

"Bambo, mwayamba kale kundidwalitsa mutu," anatero Sisitala. "Masiku awiri amenewo ndi omwe amachotsetsa chubu."

"Ndamva, Sisitala. Koma manyazi ndi manyazi."

Nasopo anayang'ana chikwama chake pansi pa tebulo. Mawu omwe bamboyo ananena anali akeake, omwe ankadziuza m'basi muja, kungoti tsopano anatuluka m'kamwa mwa munthu wina, ndipo anamveka opusa ndi oopsa. M'maganizo mwake anamuona bamboyo ali m'galaja yake, m'mimba mukupweteka, akubisa thumba kuseri kwa matayala. Ndipo adzabisa chifukwa cha yani? Chifukwa cha mtsikana wa manja oyera yemwe anaima kutsogolo n'kuwaonetsa kuti odziwa kusamba sadwala. Anayang'ana amayi ake ndi diresi yawo yabuluu, ndipo anawamvera chisoni kwambiri.

Kenako anawerama, ululu ukumudula pakati, nakoka chikwama. Phokoso la zipi linamveka chipinda chonse. Anafunyulula thaulo, nanyamula thumbalo ndi manja awiri, n'kulikweza m'mwamba moyang'anizana ndi getsi.

"Amaoneka chonchi, bambo."

Wina anakoka mpweya ndi mano.

"Ili ndi thumba langa. Latuluka lero m'mawa. Ndinalibisa chifukwa cha manyazi omwe mukunenawo." Anatenga pepala la malangizo patebulo, naliika pansi pa thumbalo. "Bwerani muone pafupi. Zilembo zikapanda kuwerengeka chonchi, musadikire. M'mimba mumapweteka chapansi, mukakhudza mumamva kuwawa, ndipo thupi limatentha. Ine ndikumva zonsezo panopa."

Makaniko anaimirira, nayandikira, nayang'anitsitsa nthawi yaitali. Enanso anabwera mmodzimmodzi. Sisitala anawapatsa mphindi imodzi yokha, kenako analanda thumbalo, nalipereka kwa namwino wachinyamata yemwe anali pakhomo.

"Ku labu, pompano. Uwauzenso adokotala kuti mwana wa kamera ya Lachinayi uja wavundula madzi." Anatembenukira kwa Nasopo n'kumugwira pamphumi. "Wayamba liti kumva kupweteka?"

"Dzulo madzulo. Sisitala, sindikudziwa pomwe ndinalakwitsa. Ndaganiza, ndaganiza..." Apa misozi inamugonjetsa.

"Walakwitsa chiyani? Ndani wakuuza kuti walakwitsa?" Sisitala anakweza mawu kuti onse amve. "Tamverani nonsenu, pakuti tsiku lina wina wa inu adzaunikidwa m'matumbo kapena m'mimba ndi kamera. M'matumbo mwa munthu aliyense muli tizilombo, ndi kwawo kumeneko. Paipi ija ikamadutsa, makamaka akadula kanthu, tina timatha kuwolokera kumene kumakhala madzi anuwa. N'chifukwa chake timayamba takutulutsani madzi ndi kukubayani jakisoni. Zimathandiza kwambiri, koma sizitseka njira yonse. Masiku awiri kapena atatu otsatira, diso lizikhala pa thumba. Uyu tizilombo sitinadzere m'manja, tadzera mkati. Ngakhale akanasamba ndi sopo wa sitolo yonse." Kenako anakwinya nkhope. "Komatu zimenezi ndinafotokoza Lachinayi. Iwe unali ndi tulo ta mankhwala, ndiye ndinauza mayi ako."

Maso onse anapita pakona. Amayi anali ataimirira, chikwama chawo cha m'manja chili pansi.

"Munandiuza, Sisitala," anatero motsitsa. "Ine ndinati ndisamuopseze mwana, ali ndi ntchito yaikulu Loweruka. Ndinati ndizingomufunsa za madzi, akaona chachilendo anena yekha." Anayandikira, namugwira mwana wawo masaya onse awiri. "Iwe kubisira ine, ine kubisira iwe. Taonani nzeru za banja limodzi."

"Pepani, Amayi. Ndakuchititsani manyazi pagulu."

"Manyazi ati? Khala pansi apa usanagwe."

Pasanathe ola, Nasopo anali pabedi m'chipinda cha odwala, thumba latsopano lothiridwa mankhwala opha tizilombo likutsikira m'mimba mwake. Adokotala, bambo wamtali wosakonda nthabwala, sanamunyengerere. Anati tizilombo ta m'matumbo ndi touma mutu kuposa ta pakhungu, ndipo sangalonjeze kanthu za chubu mpaka patapita masiku asanu. Nasopo atawaululira kuti ankafuna kudikira Lolemba, anavula magalasi n'kumuyang'ana.

"Lolemba tikanakambirana zochotsa chubu, mwinanso zoposa pamenepo. Maola amene wataya m'mawawu ndi okwanira. Usadzabwerezenso."

Masiku amenewo anali aatali. Lamulungu thupi linatentha kwambiri, ndipo madzi anatuluka ovunduka kuposa poyamba. Kudzera pa chitseko Nasopo ankaona anthu akupita ku chipinda cha makina, ana asukulu ena ali ndi mabuku omwe sankawatsegula n'komwe, ndipo iye ankatembenukira kukhoma. Amayi anabweretsa nsalu zawo n'kumasokera pamanja pambali pa bedi. Achimwene anabwera Lolemba ndi sopo wamkulu womanga ndi riboni, nati ndi mphatso ya odwala, ndipo namwino anawatulutsa chifukwa choseketsa munthu wa m'mimba mopweteka. Lachiwiri kutentha kunatsika. Lachinayi adokotala anaima kumapazi kwa bedi, anawerenga pepala la ku labu kawiri, nati, "Chubu chikhala. Mankhwala upitiriza kunyumba milungu itatu. Lolemba upite kusukulu."

Amayi anaika nsalu pansi n'kutuluka panja, ndipo anabwerera patapita nthawi maso ali ofiira, akunamizira fumbi.

Mbiri ya zaka ziwiri ija inathera pomwepo, ndipo Nasopo anailira ndithu, sitingabise. M'buku lake la kuchipatala munalembedwa mzere wofiira woyamba. Koma anadabwa kuona kuti akamadutsa m'khonde la odwala impso, anthu omwe kale ankangomuyang'ana patali tsopano ankamuitana. Gogo wina anamufunsa ngati ululu wake unkafika kumsana. Mayi wina yemwe ankayembekezera kuunikidwa ndi kamera anamupempha kuti amulembere papepala zoti akakumbutse madokotala: kutulutsa madzi, jakisoni, ndi kuyang'ana thumba masiku atatu. Analemba ndi zilembo zikuluzikulu.

Patatha miyezi iwiri, tsiku lake la sikelo ndi kuyezedwa magazi, anafika kuchipatala m'mamawa kuti asaphonye phunziro la masamu. Ankayesa kuti akhala woyamba pamzere, ndipo anakhaladi woyamba, chifukwa namwino anali atamupatsa kale nambala wani. Atangokhala pabenchi anamva mapazi olemera akuthamanga m'khonde. Anali makaniko uja, ali m'ovolosi, thukuta lili kamukamu. M'manja mwake munali thumba, losakulunga m'chilichonse, lili poyera kuti aliyense aone.

"Aphunzitsi!" anatero akupuma mwawefuwefu. "Lavunduka. Ndaliika pa nyuzipepala sikisi koloko, zilembo osaoneka. Ndasiya galimoto ya munthu ili pa jeke."

"M'mimba mukupweteka?"

"Pang'ono chabe. Ndikuganiza kuti ndinakhudza kunsonga dzulo, foni italira. Ndalakwitsa ndine, sindikana." Anapukuta nkhope ndi mkono. "Manyazi anandigwira ndithu pachipata paja. Koma ndinati, mwana uja anakweza lake m'mwamba pamaso pa mayi ake ndi anthu tonse. Ine ndi ndevu zangazi ndibise?"

Nasopo anamva chinthu chotentha chikukwera pachifuwa, chokoma kuposa m'manja monse momwe anayembekeza kuwomberedwa tsiku lija. Anaimirira, naika nambala yake m'dzanja lakuda ndi oyilo lija, nagogoda pa chitseko mwamphamvu.

"Ndani?" anafunsa Sisitala ali mkati.

"Ndine, Sisitala. Ndabwera ndi wophunzira wanga. Muyambe ndi iwowa, ine ndidikira."